Makamera Ogwira Othamangitsa Galimoto: Mafunso ndi Mayankho pa Malamulo Ake

Makamera oyeza liwiro afika m'mayiko ambiri, koma lamulo lowayendetsa si limodzi. Cholakwa chimene kwina chimathera pa kalata ya chindapusa, kwina chimalanditsa munthu laisensi, ndipo ku America mizinda iwiri yoyandikana imatha kukhala ndi malamulo osiyana. Zitsanzo zili m'munsimu zachokera kumayiko osiyanasiyana, choncho nambala iliyonse muitenge kuti ndi ya dziko lomwe latchulidwalo, osati ya paliponse.

Kodi kamera imadziwa bwanji liwiro la galimoto yanga?

Kawirikawiri kamera payokha siyeza kanthu, ntchito yake ndi kujambula basi. Choyeza ndi chipangizo china chomwe chimagwira nayo limodzi.

Chofala kwambiri ndi radar. Imatumiza mafunde a wailesi kumsewu, ndipo mafundewo akagunda galimoto amabwerera atasintha pang'ono. Galimoto ikamathamanga kwambiri kusinthako kumakulanso, makina n'kuwerengera liwiro kuchokera pamenepo. Mfundo imeneyi anaifotokoza Christian Doppler wa ku Austria mu 1842, galimoto zisanabwere n'komwe. China ndi laser, yomwe imaponya kuwala kosaoneka ndi maso kambirimbiri pa sekondi n'kumaona kuti galimoto yasendera mtunda wotani. Ubwino wake ndi woti imaloza galimoto imodzi ngakhale pamsewu pali piringupiringu. Palinso mawaya okwiriridwa mu phula: matayala akaponda waya woyamba kenako wachiwiri, makina amaona nthawi yomwe yadutsa, popeza mtunda wa pakati pake amaudziwa kale.

Liwiro likapyola malire, kamera imajambula, kompyuta imawerenga nambala ya galimoto, ndipo nambalayo amakaifufuza m'kaundula wa boma kuti apeze mwini wake. Malamulo ena amafuna umboni wachiwiri. Ku Britain, pafupi ndi makamera a mtundu wa Gatso pamakhala timizere toyera pa phula. Kamera imajambula zithunzi ziwiri zotalikirana theka la sekondi, munthu n'kuwerenga timizere tomwe galimoto yadutsa kuti atsimikize ngati radar sinaname.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayambitsa makamerawa anali munthu wokonda liwiro. Maurice Gatsonides wa ku Netherlands anapambana mpikisano wa galimoto wa Monte Carlo mu 1953, ndipo chipangizocho anachipanga kuti adziwe liwiro lake pokhota n'cholinga choti azithamanga kwambiri. Kampani yake inayamba mu 1958, ogula ake akuluakulu anadzakhala apolisi.

Nanga aja amati sungawazembe pongoponda mabuleki pafupi ndi kamera?

Amenewo sayeza liwiro la pamalo amodzi, amayeza la chigawo chonse cha msewu. Kamera yoyamba imalemba nambala yanu ndi nthawi yomwe mwalowa, yachiwiri imalembanso potulukira. Tinene kuti pakati pawo pali makilomita 10 ndipo malire ndi makilomita 100 pa ola. Woyenda motsatira lamulo sangafike pasanathe mphindi 6. Inu mukafika pa mphindi 5, ndiye kuti mumayenda pa 120, ngakhale pa kamera iliyonse munadutsa mwaulemu.

Italy inayamba kuika makamera otere m'misewu yake ikuluikulu mu 2005, ndipo amawatchula kuti Tutor. Ku South Africa anawaika pamsewu wa R61 pakati pa Beaufort West ndi Aberdeen mu 2011, ku Scotland pamsewu wa A9 mu 2014. Pa mitundu yonse, ine ndimaona kuti uwu ndiwo wanzeru, chifukwa umathetsa khalidwe loponda mabuleki mwadzidzidzi poona kamera n'kupondanso moto ukangoidutsa.

Vuto lake ndi loti amajambula galimoto iliyonse, yolakwa ndi yosalakwa yomwe. Germany itayesa njirayi pamsewu wa B6 pafupi ndi Hannover mu 2019, khoti linaiimitsa ponena kuti panalibe lamulo lolola boma kusonkhanitsa nambala za anthu osalakwa. Anayambiranso atakonza lamulolo. Lamulo labwino limanena poyera kuti nambala za osalakwa zizifufutidwa nthawi yomweyo, komanso limatchula amene ali ndi chilolezo choona zithunzi za otsalawo.

Ndani amalipira, mwini galimoto kapena amene ankayendetsa?

Apa ndi pomwe malamulo a mayiko amasiyana kwambiri, ndipo ndi funso loyenera kulifufuza musanabwereke munthu galimoto yanu. Kamera imaona nambala, nambala imaloza mwini, chonsecho wolakwa ndi amene anagwira chiwongolero.

Njira yophweka ndi yolipiritsa mwini galimoto, osafunsa kuti ankayendetsa ndani. Ndi mmene amachitira ku Netherlands pa zolakwa zing'onozing'ono. Ndi mmenenso zilili ku New York, komwe kamera ya pafupi ndi sukulu imatumizira mwini galimoto chindapusa cha madola 50 popanda kukhudza laisensi ya wina aliyense. Boma silivutika ndi kufufuza, koma munthu wa ndalama zake akhoza kumalakwa sabata iliyonse n'kumangolipira.

Germany ndi Sweden anasankha zosiyana. Kumeneko wolangidwa ndi woyendetsa, ndipo boma liyenera kusonyeza kuti anali ndani. N'chifukwa chake makamera awo amajambula chakutsogolo kuti nkhope ioneke. Ku Germany akalephera kumudziwa woyendetsayo mlandu umatha, koma mwini galimoto akhoza kulamulidwa kusunga buku lolembamo aliyense amene wayendetsa galimotoyo, tsiku ndi nthawi yake, kwa miyezi ingapo.

Britain ili pakatikati. Kalata imapita kwa amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake, ndipo lamulo la za pamsewu la 1988 limamukakamiza kutchula amene ankayendetsa. Wokana kutchula amamulembera mapointi 6 pa laisensi, pomwe kuthamangitsa kwenikweniko kawirikawiri ndi mapointi 3 ndi mapaundi 100. Mapointi akakwana 12 m'zaka zitatu, munthu amaletsedwa kuyendetsa. Anakonza dala kuti kukhala chete kupweteke kuposa kuvomera. Madalaivala awiri, O'Halloran ndi Francis, anakadandaula ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu kuti lamuloli likuwakakamiza kudzinenera okha mlandu. Mu 2007 khotilo linagamula kuti amene wasankha kukhala ndi galimoto wavomeranso maudindo omwe amabwera nayo, ndipo kutchula woyendetsa ndi umodzi mwa maudindowo.

Galimoto za kampani zili ndi nkhani yakeyake. Ku France makampani ankangolipira chindapusa, wantchito wothamangitsayo osataya pointi ngakhale imodzi. Kuyambira mu 2017 lamulo limafuna kuti kampani itchule amene anali pa chiwongolero, ikakana ilipirenso chindapusa china chokulirapo.

Bwanji nditangotchula mkazi wanga kapena mbale wanga yemwe laisensi yake ilibe banga?

Musayerekeze. Mukatero mwachoka pa cholakwa cha pamsewu n'kulowa mlandu wonamiza akuluakulu a chilungamo, ndipo umenewu umatsekeretsa. Chris Huhne anali nduna m'boma la Britain. Kale mu 2003 kamera inagwira galimoto yake, mapointi n'kuwatenga mkazi wake wa nthawiyo, Vicky Pryce. Banja litatha nkhani ija inaphulika, Huhne anatula pansi unduna mu 2012, ndipo mu 2013 aliyense wa iwo analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 8.

Ndikapyola ndi makilomita awiri kapena atatu okha, andigwira?

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kuchotsera kwa makina. Chipangizo chilichonse choyezera chimatha kuphonya pang'ono, ndiye lamulo limachotsa kachigawo kena pa liwiro lomwe layezedwa kuti munthu asalangidwe pa cholakwa cha makina. Ku France makamera okhazikika amachotsa makilomita 5 pa liwiro losafika 100, ndi 5 peresenti likapitirira apo. Ku Germany amachotsa makilomita 3 kapena 3 peresenti.

Chachiwiri ndi kulekerera kwa olamulira, komwe kungasinthe tsiku lililonse. Apolisi a ku Britain ali ndi malangizo oti ayambe kulanga munthu akapyola ndi 10 peresenti kuphatikiza mamailosi 2, koma amenewa ndi malangizo awo, si ufulu wanu, ndipo khoti silingakumasuleni chifukwa cha iwo. Makamera a ku New York amagwira opyola ndi mamailosi oposa 10, pomwe Chicago mu 2021 inayamba kulipiritsa kuyambira pa 6.

Chomwe chimakutetezani mwakachetechete ndi sipidomita yanu. Malamulo opangira galimoto omwe mayiko a ku Ulaya ndi ena ambiri amatsatira amaletsa sipidomita kusonyeza liwiro lochepera lenileni, koma amailola kuwonjezera mpaka 10 peresenti ndi makilomita 4. Singano ikaloza 100, n'kutheka kuti mukuyenda pa 95. Komatu mukaika matayala aakulu kuposa omwe galimoto inabwera nawo, masamuwo amatembenuka: pa kuzungulira kulikonse galimoto imayenda mtunda wautali, ndipo sipidomita imayamba kunama mokuikani m'mavuto.

Kodi lamulo limafuna kuti pakhale chikwangwani chochenjeza za kamera?

Kwina inde, kwina ayi. Ku Italy malo oyezera liwiro ayenera kukhala oonekera komanso ochenjezedwa pasadakhale, ndipo chindapusa chimatha kugwa kukhoti ngati chikwangwani panalibe. Sweden nayo imachenjeza za makamera ake okhazikika. Ku Britain makamera ambiri ndi opakidwa utoto wachikasu, koma imeneyo ndi ndondomeko chabe, siingafafanize mlandu wanu. Chigawo cha Victoria ku Australia chakhala chikubisa makamera m'galimoto zosalembedwa kwa zaka zambiri. Anansi awo a New South Wales anachotsa zikwangwani za makamera oyendayenda mu 2020, anthu anachita phokoso, ndipo mu 2023 zinabwerera.

Mbali zonse zili ndi mfundo. Kamera yoonekera imatsitsa liwiro pamalo oopsa enieniwo, pakhota kapena pa sukulu. Yobisika imachititsa dalaivala kukayikira msewu wonse, paja chakudza sichiimba ng'oma. Mayiko ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri.

Chikwangwani chofunika kwambiri pa mlandu ndi cha malire a liwiro. Ngati malire atsika kuchoka pa 80 kufika pa 50 ndipo chikwangwani chake chinagwa kapena chaphimbidwa ndi nthambi, m'mayiko ambiri chimenecho ndi chifukwa chomveka chotsutsira. Chenjerani ndi malire omwe lamulo linaika kale popanda chikwangwani: ku England msewu wokhala ndi magetsi a m'mbali ndi wa mamailosi 30 pa ola pokhapokha chikwangwani chitanena zina.

Makamerawa amachepetsadi ngozi, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Umboni womwe ulipo ukuti amachepetsa. Mu 2010 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa ena, linaunika malipoti 35 ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Malipoti onse omwe anawerenga ngozi anapeza kuti zinatsika makamera ataikidwa, ndipo zopha kapena zovulaza kwambiri zinatsika ndi pakati pa 11 ndi 44 peresenti pafupi ndi makamerawo. Olembawo anachenjezanso kuti kafukufuku wambiri sanachitike molimba kwenikweni, n'chifukwa chake nambalazi n'zotalikirana chotere.

Chitsanzo chachikulu ndi France. Mu Julayi 2002 Pulezidenti Jacques Chirac analengeza kuti chitetezo cha pamsewu ndi imodzi mwa ntchito zikuluzikulu za ulamuliro wake. Makamera oyamba anayamba mu Okutobala 2003, zithunzi zonse zikupita ku likulu limodzi ku Rennes komwe kumachokera makalata. Anthu ofa pamsewu anali oposa 7,000 mu 2002, pofika 2010 anali osakwana 4,000. Si makamera okha anachita zimenezi, galimoto zinayamba kupangidwa zotetezeka ndipo oledzera anathinidwa. Koma chinthu chimodzi chinasinthiratu. Kale munthu wodziwana ndi akuluakulu ankatha kuzimitsa tikiti yake, ndipo makina atayamba kutumiza makalata okha njira imeneyo inachepa kwambiri. Dalaivala saopa kwenikweni kukula kwa chindapusa, amaopa kudziwa kuti akalakwa agwidwa ndithu ndipo palibe womupepesera.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba. Kamera kawirikawiri imaikidwa pamalo pomwe pachitika ngozi zambiri posachedwa. Koma ngozi zimakwera ndi kutsika pazokha, ndipo chaka choipitsitsa nthawi zambiri chimatsatiridwa ndi chabwinoko, kamera ikhalepo kapena isakhalepo. Wandale woyerekeza chaka chimodzi ndi chinzake n'kulengeza kuti kamera yachepetsa ngozi ndi theka akudzitama ndi zomwe si zake zonse. Kafukufuku wabwino amayerekeza ndi misewu yofanana yopanda makamera, kwa zaka zingapo. Akatero phindu limachepa, koma silitha.

Makilomita 10 owonjezera angasinthe chiyani? Si liwiro lalikulu limenelo.

Tiyeni tiwerengere. Pa makilomita 50 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi. Mwana akatulukira mumsewu, dalaivala watcheru amatha sekondi imodzi asanaponde mabuleki, ndipo pa phula louma ndi matayala abwino pamafunika mamita enanso 14 kuti aime. Onse pamodzi ndi 28. Tsopano galimoto yomweyo ikhale pa 60, dalaivala yemweyo, mwana pamalo omwewo. Sekondi yodzidzimuka ija yadya mamita 17, atsala 11 okha. Pofika pomwe galimoto yoyamba ija inaima, iyi ikadali pa makilomita pafupifupi 40 pa ola. Kusiyana kwa 10 pa sipidomita kwasanduka kusiyana kwa 40 pa thupi la mwanayo.

Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya kugunda imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la galimoto pamsewu likakwera ndi 1 peresenti, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti, ndipo woyenda pansi wogundidwa pa 65 ali pa chiopsezo cha imfa kanayi ndi theka kuposa wogundidwa pa 50. Lipoti lawo la 2023 linati anthu 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Pa msonkhano wa ku Stockholm mu 2020 mayiko anagwirizana kuti pomwe galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi ndi a njinga, malire azikhala makilomita 30. Spain inakhazikitsa zimenezi m'misewu yambiri ya m'tauni mu 2021, Wales inatsitsa mpaka mamailosi 20 mu 2023.

Nanga phindu la kuthamangako? Pa ulendo wa makilomita 5, kuyenda pa 60 m'malo mwa 50 kumakupatsani mphindi imodzi, yomwe mukaisiya pa maloboti otsatira.

Kodi si njira chabe yoti boma kapena khonsolo ipezere ndalama?

Nthawi zina ndi choncho, ndipo kukana zimenezi n'kunamiza anthu. Ku Chicago mkulu wina woona za mayendedwe, John Bills, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 mu 2016 chifukwa cholandira ziphuphu kuchokera ku Redflex, kampani yomwe inkayendetsa makamera a pa maloboti, ogwira odutsa getsi lofiira, mumzindawo. Nkhani ngati imeneyi imadetsa makamera onse, abwino omwe. Chigawo cha Texas ku America chinaletsa makamera a pa maloboti mu 2019. Ontario ku Canada inayamba kujambula othamangitsa mu 1994, boma latsopano n'kuthetsa mu 1995. Ku France, boma litatsitsa malire a misewu yambiri ya kunja kwa mizinda kufika pa 80 mu 2018, mkwiyo wa anthu unathera pa makamera, ndipo mu Januwale 2019 nduna Christophe Castaner inati pafupifupi 60 peresenti ya makamerawo anali atawonongedwa.

Pali mafunso omwe nzika ingafunse kuti idziwe zoona. Kodi kampani yoyendetsa makamera imalipidwa ndalama yokhazikika, kapena imadya pa tikiti iliyonse? Yodya pa tikiti ilibe chifukwa chofunira kuti anthu asiye kuthamanga. Kodi malowo anasankhidwa potengera ngozi, ndipo ziwerengero zake zili poyera? Kodi ndalamazo zimapita kuti? Ku New South Wales zimalowa m'thumba lapadera la ntchito za chitetezo cha pamsewu.

Funso lalikulu n'lakuti, kodi matikiti akuchepa? Kamera yomwe ikugwira ntchito yake imabweretsa ndalama zochepa chaka ndi chaka chifukwa anthu aphunzira. Ikamagwirabe anthu mazanamazana pamalo amodzi patapita zaka, ndiye kuti msewuwo ndi malire ake sizikugwirizana: mwina msewu ukufunika kukonzedwa kuti uzikakamiza anthu kuyenda pang'ono, mwina malirewo anaikidwa mosaganiza. Ku Kigali, likulu la Rwanda, mu 2021 madalaivala anadandaula kwambiri ndi makamera ogwira anthu pa malire a 40, mpaka Pulezidenti Paul Kagame ananena poyera kuti malirewo aunikidwenso. Khonsolo yomwe yalemba zindapusa mu bajeti ngati ndalama yodalirika ndiye kuti ikudalira anthu kupitiriza kulakwa.

Chindapusa chofanana kwa wolemera ndi wosauka, chilungamo chili pati?

Dandaulo limeneli n'lomveka. Ndalama yomwe wina saimva n'komwe, kwa wina ndi lendi ya mwezi. Finland inathana nazo pomangirira chindapusa cha zolakwa zazikulu ku ndalama zomwe munthu amapeza, ndipo mu 2023 Anders Wiklöf, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri kumeneko, analipira mayuro 121,000 atayenda pa 82 pamalo a 50. Switzerland nayo imaona chuma cha munthu pa milandu ikuluikulu ya liwiro. California, m'lamulo la 2023 lolola mizinda isanu ndi umodzi kuyesa makamera, inaika kuti opeza zochepa azichotseredwa. Mapointi a pa laisensi amathandizanso, chifukwa amaluma onse mofanana.

Kalata yafika. Nditani, ndipo ndingaitsutse?

Chachikulu musaiponye pansi pa mpando. Chindapusa chosayankhidwa chimakula, ndipo kwina chimakulepheretsani kulembetsanso galimoto kapena kukonzetsa laisensi. Onani nambala, mtundu wa galimoto, tsiku, nthawi ndi malo. Pemphani chithunzi ngati sanatumize. Onaninso tsiku lomalizira kuyankha. Mayiko ena amachotsera olipira msanga, monga Spain komwe olipira pasanathe masiku 20 amalipira theka. Dziwani kuti m'malo ambiri kulipira ndi kuvomera mlandu, choncho ngati mukufuna kutsutsa werengani kaye zomwe kalatayo ikunena musanatulutse ndalama.

Zifukwa zomwe zimamveka ndi monga izi: galimoto inali itabedwa kapena munali mutaigulitsa kale, winawake akuyenda ndi nambala yabodza yofanana ndi yanu, chikwangwani cha malire panalibe, kapena boma laphwanya ndondomeko yake. Ku Britain kalata yoyamba iyenera kufika kwa mwini galimoto pasanathe masiku 14, koma ngati inachedwa chifukwa simunasinthe adiresi mutasamuka, vuto ndi lanu. Chipangizo nacho chiyenera kukhala chovomerezeka ndi choyezedwa nthawi ndi nthawi. Mu 2024 khoti lalikulu la ku Italy linafafaniza chindapusa cha munthu wina wa ku Treviso chifukwa kamerayo inalibe chivomerezo chamtundu womwe lamulo limafuna, ndipo chigamulocho chinagwedeza makhonsolo ambiri. Ku Victoria mu 2017 kachilombo ka pa kompyuta ka WannaCry kanalowa m'makamera ena, apolisi n'kufafaniza zindapusa zomwe zinakhudzidwa. Makina amalakwitsa ndithu, ndipo lamulo lopanda njira yochitira apilo ndi lamulo loipa.

Zosamveka ndi zomwe aliyense amanena: sindinaione kamerayo, ndinkapitirira galimoto ina, onse ankathamanga, ndinali nditachedwa kuntchito.

Chenjeraninso ndi akuba. Uthenga wa pafoni wonena kuti muli ndi chindapusa, lipirani lero podina apa, musaukhulupirire musanafunse ku ofesi yoona za pamsewu kudzera pa nambala kapena tsamba lomwe mwalipeza nokha.

Kodi mapulogalamu a pafoni ochenjeza za makamera ndi ololedwa? Nanga kuphimba nambala?

Mapulogalamu zimatengera dziko. Ku Britain ndi ololedwa. Ku Germany dalaivala saloledwa kuwagwiritsa ntchito akuyendetsa, Switzerland ndiye yokhwima kuposa apo. Ku France amaloledwa kungonena kuti chigawo chakuti ndi choopsa, osaloza pomwe pali kamera, ndipo wopezeka ndi chipangizo chonunkhiza radar akhoza kulipira mayuro 1,500 n'kutaya mapointi 6. Ku America zipangizo zotere n'zoletsedwa ku Virginia ndi ku Washington DC.

Kuphimba nambala, kuipinda kapena kuipaka mankhwala ndi mlandu pafupifupi kulikonse, ndipo nthawi zambiri ndi waukulu kuposa kuthamangitsako.

Ndinali kudziko la eni, kapena ndi galimoto ya hayala. Kalata ingandipeze?

Ya hayala ndiye imakupezani mosavuta. Kalata imapita ku kampani, kampani imapereka dzina lanu, ndipo kawirikawiri imadulanso ndalama ina pa khadi lanu chifukwa cha ntchito yolemba makalatayo. Ndi galimoto yanu zimatengera mgwirizano wa mayiko. Mayiko a mu European Union amagawana zomwe zili m'kaundula wa galimoto potsatira lamulo la 2015, choncho wothamangitsa ku Belgium kalata imamupeza kwawo ku Poland. Komwe kulibe mgwirizano, chindapusa chimatha kukudikirani pa chipata cha dzikolo tsiku lomwe mudzabwerenso.

Kodi kamera ingalowe m'malo mwa wapolisi wa pamsewu?

Pa zina imamuposa. Sitopa, sigona, silandira kangachepe, ndipo siona kuti mgalimotomo muli bwana kapena munthu wamba. New York inayamba kuyatsa makamera ake usana ndi usiku mu Ogasiti 2022, chinthu chomwe apolisi okha sakanatha. Makamera atsopano akuonanso zina: New South Wales inayamba kugwira ogwiritsa ntchito foni akuyendetsa mu Disembala 2019, kompyuta imasankha zithunzi zokayikitsa, munthu n'kuzionanso asanatumize kalata.

Koma kamera sinunkhiza mowa, siona matayala otha kapena mabuleki akufa, ndipo siimitsa munthu woopsa nthawi yomweyo. Iye amapitirira ulendo, kalata n'kumufika patapita masiku. Imadaliranso zinthu zomwe sizioneka pamsewu. Ngati kaundula wa galimoto ndi wosokonekera, galimoto zagulitsidwa kawiri katatu dzina osasintha, maadiresi ndi akale, kalata imapita kwa munthu wosalakwa kapena siifika kulikonse. Lamulo nalo liyenera kutseka mipata. Chigawo cha Arizona ku America chinaika makamera m'misewu ikuluikulu mu 2008, koma anthu anazindikira kuti kalata yobwera pa positi sinkawamanga mpaka samani itaperekedwa pamanja. Ambiri anangoinyalanyaza, ndipo ntchitoyo inatha mu 2010.

Ndipo pa msewu wodutsa pakati pa nyumba za anthu kapena pa sukulu, mahampu, msewu wopanikizidwa dala ndi malo okwera owolokera amatsitsa liwiro la galimoto iliyonse, ya nambala yabodza yomwe.

Kodi galimoto zatsopano zimadziletsa zokha kuthamanga?

Pang'ono. Kuyambira mu Julayi 2024 galimoto zatsopano zonse zogulitsidwa mu European Union ziyenera kukhala ndi chipangizo chomwe chimawerenga zikwangwani ndi mapu n'kuchenjeza dalaivala akapyola malire. Zina zimalira, zina zimanjenjemeretsa kapena kulimbitsa chopondera moto, zina zimachepetsa mphamvu ya injini. Dalaivala akhoza kuchigonjetsa popondabe mwamphamvu kapena kuchizimitsa, kungoti chimadziyatsanso nthawi iliyonse akaliza galimoto. Chikawerenga chikwangwani molakwika n'kukusiyani muthamange, mlandu pa kamera ndi wanu, osati wa opanga galimoto.